Tsiku Limene Ndinaposa Achimwene

"Lamulungu, sabata yoyamba ya Julayi, m'mawa. Ndili kuseri kwa nkhokwe, ndangotha kunola zenga. Amayi akuti lero timalize kumweta mpunga wa kumunsi. Mawa mayeso. Sindikudziwa kuti ndisiye mafunso angati."

Ndi mmene tsamba ili likuyambira, ana inu. Usalikoke, Halima, kabukuka n'kakakulu kuposa amayi ako. Mwakafukula pansi pa sutikesi, mwaseka zilembo zanga kuti zikuoneka ngati nyerere zili pa ulendo, ndiye tsopano khalani pansi mumve kwa mwini wake. Amene analemba apa ndine, agogo anu Asiyatu, ndili mtsikana wa Sitandade 8, wamanyazi moti mlendo akafika pakhomo moni wanga ndinkapereka kwa mphasa. Pakamwa panga panali polemera, choncho zonse ndinkauza kabukuka. Anandisiyira ndi abambo ponyamuka ulendo wa ku migodi ya ku Joni. Anati, "Uzilembamo za pakhomo, ndidzawerenge pobwera." Iwo ankaganiza kuti ndizilemba za mbuzi, kuti yaswa iti ndipo yadwala iti. Ine ndinkalembamo za mumtima, n'kumakabisa mu udzu wa denga la nkhokwe.

Mwafunsa kuti munthu angasiye bwanji dala mafunso pa mayeso. Ine ndinkasiya. Zaka ziwiri zathunthu.

Inu masiku ano mawu akuti kupambana ndi kuposa mumangowamwaza ngati makoko a mtedza. Iwe Zainabu ukagwira foni ya amayi ako timangomva, "Ndawina! Ndamuposa!" mpaka nkhuku kubalalika, tikafunsa kuti waposa yani, ukuti munthu wa kunja amene sunamuonepo. Kwathu kuja, cha kufupi ndi kumene Bua amathira m'nyanja, mawu amenewa anali ndi eni ake. Bwato lofika pagombe ena akadali kupalasa, limenelo lapambana. Mpunga ukatulutsa nsonga pamwamba pa madzi osefukira, amayi ankati, "Wapambana uwu, tidya." Mtsinje ukamiza chizindikiro chimene amuna anatema pa mkuyu chaka chatha, ankati madzi aposa, ndipo aliyense ankathamangira kukamasula mbuzi. Koma kuti mwana wamkazi waposa mkulu wake, sindinkamvapo munthu akunena akumwetulira. Panjira unkayenda pambuyo. M'mbale unkadikira dzanja la wamkulu liyambe.

Lamulo limeneli ine ndinalitola m'matope. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mvula ili pakati, tikuwokera mpunga kudambo. Inu mpunga mumaudziwira m'thumba ndi pambale. Kuwokera ndi kuwerama tsiku lonse, madzi m'mawondo, misundu ikukuyamwa m'miyendo, mbande kudzanja lamanzere, lamanja likubaya m'matope. Munkayamba pamodzi mumzere, aliyense ndi ndime yake. Manja anga anali aang'ono koma achangu, ndipo ndisanazindikire ndinali nditawasiya patali azakhali anga a Mwanaisha. Tsiku limenelo, lokhalo paubwana wanga wonse, pakamwa panga panatseguka pagulu. Ndinaseka, ndati, "Azakhali, mwatsalatu!" Amayi anabwera phavaphava m'madzi n'kundikoka khutu. "Iwe, usamapose akulu ako! Bwerera!" Ndinabwerera. Khutu linapola tsiku lomwelo, koma mawuwo anakhomeka ngati chikhomo cha mbuzi.

Tsono achimwene anga ndi agogo anu a Jafali, omwewa mumawapeza pagombe akukalipira anthu za ukonde, akulimbana ndi chinangwa ndi mano awo awiri otsalawo. Musawaone choncho. Anali mnyamata wowongoka ngati mlaza, tsitsi lopesa bwino, mzere wake wowongoka ngati wojambula ndi rula. Amandiposa ndi zaka zinayi, koma ndinawapeza mu Sitandade 7, chifukwa abambo atachoka iwo ndiwo anasanduka bambo wa pakhomo. Denga likadontha, Jafali. Ndiwo zikasowa, Jafali kunyanja, sukulu idikire. Mvula ikagwa, kamtsinje ka panjira ya kusukulu kakadzaza, ankandinyamula paphewa, ine nditasenza mabuku a tonse awiri pamutu, iwo madzi m'chifuwa, akuimba kuti ndisaope. Munthu wotero ungamuchititse manyazi pamaso pa mudzi?

Ndipo nambala wani ankaikonda, abale! Tsiku lotsekera sukulu aphunzitsi aakulu ankaima pansi pa mtengo wa mango, makolo atakhala mozungulira, n'kuwerenga mayina kuyambira wopambana mpaka wogwira mchira. Sizinali ngati zanu izi zopatsana kapepala m'envulopu, wolephera n'kukataya m'chimbudzi. Mudzi wonse unkamva. "Woyamba, Jafali!" Achimwene ankadzuka pang'onopang'ono ngati nduna, kukonza kolala, kuyang'ana uku ndi uku kuti atsikana a kwaya aone bwino. "Wachiwiri, Asiyatu!" Ine ndinkadzuka theka n'kukhalanso msanga. Amayi nthungululu, kenako kuuza anzawo, "Ana anga amatsogozana bwino ngati abakha."

Mmene ndinkachitira ndi umu. Tinkakhala pa benchi limodzi chifukwa tinkagawana botolo limodzi la inki. Inu simudziwa inki. Inkabwera ngati ufa, n'kuisungunula ndi madzi, ndipo unkalemba ndi kamtengo ka nibu kunsonga, kuviika, kulemba mawu atatu, kuviikanso. Ukaviika kwambiri, dontho pa pepala ngati nkhuku yadutsapo, ndiye aliyense anali ndi pepala lofewa loumitsira inki. Mayeso akayamba, ine ndinkayankha zonse pa pepala loumitsiralo, timalemba ting'onoting'ono m'mphepete. Ndikatha ndinkaponya diso pa pepala la achimwene. Osati kubera, Halima, tseka pakamwa. Ndinkawerenga zimene alakwa. Akalakwa zitatu, ine ndinkasiya zinayi. Akalakwa zisanu, ine zisanu ndi chimodzi. Kulemba yankho labodza mtima unkakana, choncho ndinkangosiya malo oyera. Achimwene sanali mbuli ayi, ena onse m'kalasimo ankawaposadi ndi mutu wawo. Woti awachotse pampando ndinali ine ndekha, ndipo ine ndinkaonetsetsa kuti mpandowo usagwedezeke.

Pambuyo pake ndagwira choko zaka zambiri, mpaka tsitsi kuyera ngati chokocho. Ndagwira ana olemba mayankho pantchafu, m'kati mwa kolala, wina mpaka pa chinangwa chimene anabwera nacho ngati kamba, atagwidwa n'kudya umboni. Koma mwana wosuzumira kwa mnzake kuti iye alakwe bwino sindinamupezepo. Ndinali ndekha m'dziko muno.

Ndisanaiwale, mukuona diresi limene ndinajambula pa tsamba ili? Lalitali choncho si kuti sindinkadziwa kujambula. Masiku amenewo bondo la mkazi silinkaoneka poyera, linali lamulo. Ukapita kumsika anyamata a chipani ankaima pakhomo, kufunsa khadi, diso lina lili pa mpendero wa diresi. Ine ndinkakula msanga ngati bango, ndiye amayi ankangolumikiza nsalu m'munsi, chaka chino yabuluu, chaka chamawa yamaluwa. Munthu ankatha kuwerenga zaka zanga pa diresi. Pafupi ndi diresilo pali bokosi, mukuliona? Imeneyo ndi sutikesi yachitsulo, ndipo pamwamba pake ndinalembapo dzina langa. Ndinali nditaona atsikana awiri a ku sekondale akutsika sitima ya panyanja, masokosi oyera, masutikesi pamutu, akulankhula Chingerezi ngati akutafuna nzimbe. Ndinkafuna, ana inu. Ndinkafunitsitsa. Koma pasukulu pathu ankasankhapo mwana mmodzi, chaka china osasankhapo n'komwe, ndipo ena ankabwereza Sitandade 8 mpaka ndevu kumera. Mumtima mwanga ndinkati, ngati malo ndi amodzi, ndi a achimwene.

Vuto linabwera Lachisanu. Mayeso a boma sitinkalembera pasukulu pathu, tinkapita kusukulu yaikulu, ulendo woyamba kunja kukali mbuu, kuwoloka pa bwato, kamba wathu chinangwa chowotcha, usipa wouma ndi zitumbuwa za mpunga zokulunga m'tsamba la nthochi. Aphunzitsi athu a Nyirenda anatiuza kuti kumeneko aliyense akakhala payekha, motsata nambala. Achimwene kutsogolo pafupi ndi khomo, ine kumbuyo kwenikweni. Pepala lawo ndikanaliona bwanji? Loweruka lonse ndinkangowerengera. Ndisiye asanu? Nanga akakalakwa asanu ndi limodzi? Pofika Lamulungu m'mawa ndinali nditatsala pang'ono kugwirizana ndi mtima wanga kuti ndikasiye khumi pa pepala lililonse, kuti pasakhale chikaiko.

Tinapita kumunda. Ife a kumzikiti tsiku lathu ndi Lachisanu, Lamulungu ndi la ntchito ngati ena onse. Kumunsi kwa dambo madzi ankachedwa kuphwa, ndiye mpunga wa kumeneko unkacha anzathu atatuta kale. Tinalipo amayi, azakhali a Mwanaisha, amayi ena atatu oyandikana nawo, achimwene ndi ine. Mwera unkaomba, milomo kung'ambika. Dzanja lamanzere kugwira mapesi, lamanja kukoka zenga, kachikwakwa kopindika kaja, kuika pambali, kusuntha. Ine monga mwa masiku onse ndinkasunga chigongono changa kumbuyo pang'ono kwa chigongono cha achimwene.

Dzuwa lili pamutu tinaona munthu akutsika njinga kumtunda. Anali a Nyirenda, akuchokera kutchalitchi, jekete, tayi, nsapato zonyezimira. Anali ochokera kumpoto, aatali, olankhula modekha, Chichewa chawo chopendekera kwawo pang'ono. Anayamba kuyenda pa kamzere ka dothi kolekanitsa minda, manja atatambasula ngati kakowa akuphunzira kuuluka. Atangotsala pang'ono kufika, phazi limodzi thibu, m'matope.

Azakhali sanachedwe. "Aphunzitsi, nsapato zimenezo zabwera kudzamweta kapena kudzafunsira mbeta?"

"Yewo, mayi, zabwera kudzasamba," anatero akuzula phazi. "Amake Jafali alipo? Ndabwera ndi mlandu."

Amayi zenga linagwa m'manja. Masiku amenewo munthu wa tayi akanena kuti mlandu, unkangoganiza za chipani. "Makadi tili nawo, aphunzitsi, tonse, ndi wa ku Joni yemwe tinamudulira."

"Si za makadi, mayi. Tabwerani."

Anatulutsa mapepala m'jekete n'kuwayala awiriawiri pa mulu wa mapesi, achimwene akuwatsindika ndi zibuma kuti mwera usawatenge. Ine nditaona zilembo zanga, ndinaika zenga pansi.

"Ine sukulu sindinapiteko, aphunzitsi," amayi anatero.

"Koma maso muli nawo, ndipo kuwerenga nkhuku mumatha. Ili ndi la Jafali. Pamene ndakhwatcha ndi inki yofiira ndi pamene walakwa. Pali pangati?"

Amayi analoza ndi chala chamatope. "Panayi."

"Ili ndi la Asiyatu. Mwakhwatchidwa?"

"Ayi, mulibe chofiira. Koma muli mipata, ngati munda wodyedwa ndi mvuu."

"Mipata ingati?"

"Isanu."

Anapita pa awiri ena. Pawiri, itatu. Ena, pasanu ndi pamodzi, isanu ndi iwiri. Amayi ena aja anali atasiya ntchito, atatizungulira.

"Ndinamuona kalekale akusuzumira kwa mkulu wake," anatero a Nyirenda. "Ndinati ndagwira wakuba, ndikhale chete ndimugwire bwino. Koma wakuba wotuluka m'nyumba ndi katundu wochepa kuposa amene analowa naye, ine sindinamuonepo. Funso lovuta wakhoza, lophweka loti ndi mwana wa Sitandade 3 yemwe angayankhe, wasiya. Ndiye Lachisanu posesa ndinatola ichi pansi pa benchi." Anatulutsa pepala langa loumitsira inki. "Mayankho onse ali apa. Onse, ndipo palibe lolakwa."

Amayi ananditembenukira. "Asiyatu, n'zoona?"

Ndinkangoyang'ana zala zanga za kumapazi zikulowa m'matope, ndikulakalaka thupi lonse litazitsatira.

"Ndikufunsa iwe. Wakulodza ndani?"

Mawu anatuluka ngati a udzudzu. "Munanena ndinu, amayi. Munati ndisamapose akulu anga."

"Ine? Liti?"

"Tikuwokera. Nditawasiya azakhali. Munandikoka khutu."

Kenako azakhali anaphulika, kuseka mpaka kukhala pansi pa mapesi, akumenya ntchafu. "Chaka chija! Mulamu, chaka chija ndinali ndi pakati pa Saidi, mimba kufika uku, kuwerama ngati ndameza mtondo! Ndi kamba yemwe akanandiposa!"

Amayi anagwira m'chiuno. "Mwana iwe, undipha. Ndinakukoka khutu chifukwa unaseka munthu woyembekezera pamaso pa anthu. Cholakwa chinali pakamwa pako, manja ako analakwa chiyani? Tandiuza, ukamapita kumjigo n'kupeza nkhalamba ikuyenda pang'onopang'ono kutsogolo, umatani?"

"Ndimawerama, n'kunena zikomo, n'kudutsa."

"Nanga umabwerera kunyumba ndi ndowa yopanda madzi chifukwa panjira pali nkhalamba?"

Amayi onse aja anaseka, ndi a Nyirenda omwe anabisa pakamwa ndi chipewa. Koma munthu mmodzi sanaseke. Achimwene anali atatola mapepala awiri, lawo ndi langa, akuyang'ana ili, kuyang'ana ilo. Kuseka kunazima kokha.

"Ndiye nambala wani yonse ija," anatero, mawu ali pansi, "ndinkachita kupatsidwa ngati mwana wolira?"

"Jafali, mutu uli nawo," anatero a Nyirenda. "Ena onse aja unkawaposa wekha. Koma tamverani nonse awiri. Mawa simukapikisana pa benchi lanu lija. Mukapikisana ndi ana a dziko lonse. Asiyatu akasiya mipata, malo ake sapita kwa iwe. Apita kwa mwana wa ku Zomba amene sakudziwa n'komwe kuti kuli Jafali. Mudzatsala nonse, wina ndi ulemu wake, wina ndi kolala yake."

Ine misozi inali itayamba kale. Sindinkalirira sekondale, ndinkalirira nkhope ya achimwene. Ndinali ndisanaionepo itagwa choncho, ngakhale tsiku limene bwato lawo linagubuduzika ndi nsomba zonse.

Anapereka mapepala kwa aphunzitsi. Anavula malaya n'kuwakoleka pa bango. Kenako anatola zenga langa n'kundiponyera pamapazi.

"Tenga."

Kunali kutatsala ndime ziwiri zoyandikana, zazitali, zokathera kumabango.

"Iyi yako, iyi yanga. Ukangondidikira, ndikuponya mungalande ndi diresi lako la mitundumitundulo."

"Jafali, usamuvutitse mwana," anatero amayi.

"Amayi, liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Zaka ziwiri ndakhala ndikuthamanga ndi munthu wotsimphina dala, ine n'kumadzitama. Lero ndione. Aphunzitsi, tiyambitseni."

A Nyirenda anakweza chipewa, nsapato imodzi yakuda, ina yamatope, n'kuchitsitsa.

Tinayamba. Chizolowezi ndi chinthu choopsa, ana inu. Manja anga okha ankadikira. Achimwene akagwira, ine kugwira. Akadula, ine kudula.

"Ndikukuonatu!" anakuwa osadzutsa mutu. "Ngalande ili apo!"

"Mweta, mwana wa mchimwene wanga!" azakhali anakuwa, akuomba m'manja. "Ndilipsirire ine, Jafaliyu ndi bambo ake nawonso anandiseka chaka chija!"

Sindidziwa chimene chinamasuka. Mwina kunali kuopa ngalande. Ndinasiya kuyang'ana kumbali, ndinangoona mapesi ali patsogolo panga, ndipo manja anayamba kuyenda mmene ankafunira kuyambira kale. Gwira, dula, ika. Gwira, dula, ika. Zenga linkalira tswee, tswee. Ndinamva mpweya wa achimwene pafupi ndi khutu langa, phewa langa litafanana ndi lawo. Pamenepo ndinachita chinthu chimene mudzi sunaiwale mpaka ndinakwatiwa. Ndili chiweramire, ndinaweramanso pang'ono, ndati, "Zikomo achimwene, ndidutse nawo."

Kumbuyo kunamveka ngati msika wagwa. Azakhali akuti anagubuduka pa mapesi mpaka mpango kuvuka. Kwa zaka zambiri, mwana akadutsa mnzake pa liwiro kapena bwato likadutsa linzake, anthu ankakuwa, "Zikomo achimwene!" Agogo anu aamuna, amuna anga, Mulungu awachitire chifundo, tsiku loyamba kundilankhula anandidutsa panjira ndi njinga, n'kuliza belu, n'kunena mawu omwewo. Ndinakhala mwezi osawayankha moni.

Ndinafika kumabango. Ndinaima chomwecho, nsana kwa anthu. Kutembenuka ndinkaopa. Ndinkangomva tswee, tswee, akubwera, mpaka anadula phesi lomaliza n'kuima pambali panga, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"Tembenuka."

Ndinatembenuka, maso pansi.

"Tandiyang'ana. Ndafa?"

"Ayi, achimwene."

"Mwendo wathyoka?"

"Ayi."

"Wobadwa poyamba ndani, ine kapena iwe?"

"Ndinu."

"Ndiye chasintha n'chiyani?" Anapukuta thukuta ndi mkono. "Tamvera, Asiyatu. Ine ndikaima pa pepala ndiye kuti mutu wathera pomwepo. Iwe ukaima, ukundinamiza. Kundiposa si chipongwe. Chipongwe ndi kundisiya ndikukonza kolala pamaso pa atsikana a kwaya, iwe ukudziwa."

Maso awo anali ofiira. Anati mwalowa mankhusu a mpunga. Sindinatsutse, ndipo mpaka lero sinditsutsa, inunso musakawafunse zimenezo.

A Nyirenda amayi anawapatsa mpunga watsopano wodzaza mpango, azakhali anawatsukira nsapato mungalande momwe ndikanaponyedwa ine muja. Pokwera njinga anangoti, "Mawa m'mamawa, nonse awiri. Inki ndibweretsa ndine." Ife tinamanga mitolo n'kusenza. Panjira achimwene anandikankhira kutsogolo kuti nditsogole. Sindinkadziwa kuyenda kopanda nsana wa munthu patsogolo, ndinapunthwa kawiri, iwo kumbuyo akuti, "Nambala wani wa chiyani wosadziwa njira ya kwawo?"

Titatula mitolo pakhomo, anathyola kamtengo, n'kusalaza mchenga ndi phazi, n'kukhala pansi. "Masamu ogawa zidutswa aja, amene ndimalakwa nthawi zonse. Popeza wakhala ukundichonga zaka ziwiri osandiuza, tabwera undionetse." Ndinagwada pambali pawo. Poyamba mawu ankakana, ndinkangolemba pamchenga n'kuloza. Atalakwa kachitatu ndinaiwala manyazi, ndati, "Ayi achimwene, tembenuzani chapansicho chipite pamwamba!" Amayi ali pamtondo anaimitsa munsi. "Ameneyo ndi Asiyatu akukalipayo? Alihamudulila, mwana ali ndi mawu."

Mukapita kugombe mawa, kawafunseni agogo anu a Jafali kuti kusukulu ankakhala nambala chiyani. Akakuuzani kuti wani, zaka ziwiri zotsatizana, ndipo zinalembedwa m'buku la aphunzitsi aakulu. Sakunama. Mukangowafunsa kuti nanga kumunda wa kumunsi, mukatero muthawe, chifukwa ndodo yawo ija ndi yaitali.

Bweretsa kuno kabukuko, Zainabu, ndi magalasi anga ali pawindopo. Tsiku lomwelo ndinalembanso, achimwene atapita kukasamba, ine nditabwerera kuseri kwa nkhokwe. Zilembo zapendama chifukwa manja anali ndi matuza. Tamverani.

"Lamulungu lomweli, masana atapendeka. Mpunga tamaliza. Ndawaposa achimwene pa ndime ndipo sanafe. Masamu ogawa akhoza anayi mwa asanu. Akuti pa bwato ndikakhale pakati kuti ndisanyowe. Ndikuopabe, koma pang'ono. Mawa sindikayang'ana kukhomo kumene akakhale. Ndikayamba funso loyamba mpaka lomaliza osasiya mpata, ndipo nthawi ikatsala ndikawerenganso pepala langa lokha."